Moto Ukachoka M'manja, Mwini Wake Ndani?

Pa milandu imene imazengedwa pabwalo la mfumu chaka ndi chaka, pali umodzi umene sukalamba. Umabwera m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma. Munthu akusosa m'munda mwake, waunjika mapesi ndi zinyalala, wayatsa moto. Kenaka mphepo yatembenuka, moto walumpha malire, wadutsa tchire, wakatentha nkhokwe ya munthu wina amene panthawi yoyatsayo kunalibeko. Woyatsayo akafunsidwa amayankha mofanana kulikonse, kaya ndi kwa Jalasi, kwa Bwananyambi kapena kwa Katuli: “Ine ndinayatsa m'munda mwanga. Chimene chatentha nkhokwe ndi mphepo.” Koma palibe mfumu imene imalamula kuti mphepo ilipe. Akuluakulu amagamula kuti moto ndi wa amene anauyatsa, ngakhale utayenda mtunda wautali bwanji.

Chigamulo chimenechi n'chosavuta pamene woyatsa ndi mmodzi, wotenthedwa ndi mmodzi, ndipo onse amamwa pachitsime chimodzi. Koma masiku ano dziko lapansi lili ndi mlandu wofanana nawo umene ukusowa bwalo lokwanira kuuzenga. Oyatsa ndi ambirimbiri, ena mwa iwo anamwalira kalekale. Moto wachoka m'manja mwawo ndipo wayamba kudziyendera wokha. Nkhokwe zimene zikupsa zili kutali ndi munda umene unayatsidwa. Funso limene ndikufuna kuti tilingalire m'chimangirizo chino ndi ili: choipa chimene munthu anayambitsa chikafika podziyendetsa chokha, kodi mlandu wa munthuyo umathera pomwepo? Kuti funsoli limveke bwino, tichoke kaye kuno ku Namwera, tipite kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene kuli nthaka imene ambiri a ife sitidzaipondapo.

Ku Siberia m'dziko la Russia, ku Alaska, kumpoto kwa Canada ndi ku Greenland kumazizira mwakuti nthaka yeniyeniyo imaundana n'kukhala ngati mwala. Sindikunena za kuzizira kwa mwezi wa Juni kumene timadandaula nako kuno kumapiri, ayi. Kumeneko dothi, mchenga ndi madzi zimagwirana kukhala chinthu chimodzi cholimba chimene khasu silingalowe. Nthawi yotentha kachigawo kochepa ka pamwamba kamasungunuka, udzu ndi timitengo n'kumera, koma pansi pake pamakhalabe poundana. Nthaka imene yakhala youndana chotere kwa zaka ziwiri zotsatizana kapena kupitirira apo, akatswiri amaitcha permafrost. Yambiri yakhala choncho kwa zaka zikwizikwi, ndipo m'madera ena a ku Siberia kuundanaku kumafika mamita oposa 1,000 kupita pansi. Mzinda wa Yakutsk unamangidwa pa nthaka yotere, ndipo nyumba zake zikuluzikulu zili pa mizati ngati nkhokwe, kuti kutentha kwa m'nyumba kusasungunule pansi pamene zakhazikika.

Amene anaonapo ogulitsa nsomba akupakira chambo pa Mangochi kupita nacho ku Limbe akuidziwa ntchito ya ayezi. Nsomba ikakhala mu ayezi siwola. Koma galimoto ikafera panjira, ayezi n'kusungunuka, fungo limanena lokha. Nthaka youndana ija yagwira ntchito yomweyo kwa nthawi yaitali. Udzu, mizu, masamba ndi nyama zimene zinafa kalekale sizinawole, zinangosungika. Anthu a kumeneko amafukula ngakhale mitembo ya njovu zaubweya zotchedwa mammoth, zimene zinatha padziko zaka zikwi zingapo zapitazo, khungu ndi ubweya zili pomwepo. Akatswiri amayerekeza kuti zinthu zosawolazi zasunga kaboni wokwana matani pafupifupi 1,500 biliyoni, kuwirikiza pafupifupi kawiri kaboni yense amene ali mumlengalenga lero.

Tsono ayezi uja wayamba kusungunuka. Utsi wa malasha, mafuta ndi gasi umene wakhala ukutuluka m'mafakitale ndi m'magalimoto kwa zaka zoposa 200 wafunditsa dziko ngati bulangeti, ndipo kumpoto kuja kukutentha mofulumira kuposa kwina konse. Kuyambira 1979, dera la Arctic lakhala likutentha pa liwiro lowirikiza pafupifupi kanayi poyerekeza ndi dziko lonse. Nthaka ikasungunuka, tizilombo tosaoneka ndi maso timadzuka n'kuyamba kudya zosungidwa zija, monga momwe timachitira m'dzenje la manyowa. Pamalo pouma, kuwolako kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide. Pamalo pa madzi ndi matope ngati a m'dambo, kumatulutsa mpweya wa methane, umene pa zaka 20 zoyambirira umasunga kutentha kuwirikiza pafupifupi ka 80 kuposa carbon dioxide. Mipweya imeneyi imawonjezera kutentha, kutenthako kumasungunula nthaka ina, nthakayo n'kutulutsa mpweya wina. Apa ndi pamene moto wachokera m'manja. Fakitale mukhoza kuitseka lero, utsi n'kuleka mawa, koma nthaka imene yayamba kuwola ilibe chitseko choti munthu atseke.

Zimenezi zayamba kale kuoneka. Pa 20 Juni 2020, m'tauni ya Verkhoyansk ku Siberia, kumene kuzizira kunafikapo madigiri oposa 60 pansi pa ziro, kunatentha madigiri 38, kutentha kwa pa Mangochi mwezi wa Okutobala. Mwezi wa Meyi chaka chomwecho thanki yaikulu ya dizilo inagumuka ku Norilsk, matani pafupifupi 20,000 n'kutayikira m'mitsinje ndi m'nthaka, ndipo kufewa kwa pansi pamene thankiyo inakhala kunatchulidwa ngati chimodzi mwa zifukwa zake. M'chaka cha 2016, ku Yamal, matenda a anthrax anabuka m'nyengo yotentha modabwitsa. Anapha mwana wa zaka 12 ndi ziweto zoposa 2,000 zotchedwa reindeer, zimene anthu a mtundu wa Nenets amadalira monga ena amadalirira ng'ombe. Akatswiri ambiri amaganiza kuti tizilombo toyambitsa matendawa tinachokera m'nthaka imene inasungunuka. Ku Alaska, anthu a m'mudzi wa Newtok anasamukira kumalo atsopano otchedwa Mertarvik chifukwa nthaka ya mudzi wawo inafewa ndi kukokoloka. Ndipo mu Disembala 2024 bungwe la boma la America loona za nyanja ndi mlengalenga, la NOAA, linalengeza kuti zidikha zopanda mitengo za ku Arctic, zimene kwa zaka zikwizikwi zinkameza kaboni, zafika potulutsa wochuluka kuposa amene zikumeza, tikawerengera pamodzi ndi utsi wa moto wolusa.

Wina afunsa kuti: nanga ife za ku Siberia zikutikhudza bwanji, pamene tili ndi mavuto athu a feteleza ndi mtengo wa chimanga? Yankho n'lakuti mlengalenga mulibe chipata ngati cha pa Chiponde. Mpweya wotuluka m'matope a ku Siberia umasakanikirana ndi wina wonse, ndipo pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri umakhala uli ponseponse, pamwamba pa phiri la Mangochi komanso pamwamba pa nyanja yamchere ya India kumene anamondwe amabadwira. Nyanja ikafunda, anamondwe amanyamula madzi ambiri. Tinaona Idai mu 2019, Ana mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena oposa 500 osapezeka, n'kusiya anthu oposa theka la miliyoni opanda pokhala. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala, pamene chaka chomwecho m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi madzi anakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo. Palibe amene angaloze namondwe mmodzi n'kunena kuti uyu wachokera ku Siberia. Koma chilichonse chowonjezera kutentha kwa dziko chimalemetsa katundu amene mlimi wa kuno wasenza kale.

Apa ndi pamene pagona vuto la chilungamo. Potsatira mgwirizano wa ku Paris wa 2015, dziko lililonse limalemba m'kaundula utsi umene anthu ake atulutsa ndi kulonjeza kuuchepetsa. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani imodzi ya carbon dioxide pachaka kuchokera ku mafuta ndi malasha, pamene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani pafupifupi 14. Africa yense amatulutsa pafupifupi 4 peresenti ya utsi wotere wa dziko lonse. Ziwerengero izi zimathandiza kudziwa woyatsa. Koma mpweya wambiri wotuluka m'nthaka yosungunuka sulembedwa pa dzina la dziko lililonse, chifukwa sutuluka m'chumuni cha munthu. Dziko la Russia linganene kuti silinatenthetse dziko lapansi lokha. Enawo anganene kuti nthaka yowolayo si yawo. Utsi ulipo, ukuchuluka, koma ndi wamasiye. Makolo athu ankati choipa chitsata mwini. Pano choipa chasokera njira, chikutsata woweta ziweto wa ku Yamal ndi mayi wa ku Chilobwe, anthu amene sanaotheko n'komwe moto umene ukuwatentha.

Pali zifukwa zitatu zimene zimaperekedwa pofuna kuuthetsa mlanduwu, ndipo n'koyenera kuzimva bwino tisanazikane. Choyamba n'chakuti oyatsawo sankadziwa. Zoonadi, amene ankakumba malasha ku England m'zaka za m'ma 1800 sankaganiza za nthaka ya ku Siberia, ndipo kungakhale kupanda chilungamo kuwatcha zigawenga. Koma kusadziwa kuli ndi tsiku lake lothera. Katswiri wa ku Sweden, Svante Arrhenius, anawerengera kale mu 1896 kuti mpweya wa carbon dioxide ukachuluka dziko lidzatentha. Mu 1988 kunakhazikitsidwa bungwe la akatswiri a zanyengo la IPCC, ndipo mu 1992 maiko anasainirana pangano ku Rio de Janeiro lovomereza kuti vutoli lilipo. Pafupifupi theka la utsi wonse wa malasha, mafuta ndi gasi umene anthu atulutsa chiyambire watuluka kuchokera mu 1990, aliyense atauzidwa kale. Komanso kwathu kuno timasiyanitsa chilango ndi chipukuta misozi. Mbuzi zikathyola khola usiku n'kukadya chimanga cha mnansi, mwini mbuzi anali m'tulo, sanafune ndipo sanadziwe. Sitimutcha wakuba, koma amalipa ndithu. Kusadziwa kumachepetsa manyazi koma ngongole imatsala, ndipo amene walandira chuma cha malemu amalandiranso ngongole zimene malemuyo anasiya.

Chachiwiri n'chakuti zimenezi ndi chilengedwe: dziko lakhala likuzizira ndi kutentha kuyambira kale, nthaka ikuwola yokha, palibe dzanja la munthu. Ena amafulumira kunena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Kumeneku ndi kuyankha kwa wososa uja, kwakuti ndi mphepo. N'zoona kuti tizilombo timene tikudya mizu yakale ku Siberia sitinatumidwe ndi munthu, monganso mphepo situmidwa. Koma mphepo inalipo dzulo ndi dzana, nkhokwe osapsa. Chimene chinasintha ndi moto. Munthu wamkulu amadziwa kuti mwezi wa Okutobala kumaomba mphepo, ndipo kudziwa kumeneko ndi mbali ya udindo wake. Chilengedwe chikatenga zimene tayambitsa n'kuzikulitsa, chimangotionetsa kukula kwa chimene tinachita. Ndiponso kumzikiti ndi kutchalitchi komwe timaphunzitsidwa kuti munthu anapatsidwa dziko kuti alisunge. Wosungitsidwa katundu sangaloze chala mwini katunduyo zinthu zikawonongeka m'manja mwake.

Chachitatu ndi choopsa kuposa zinazo chifukwa chimamveka ngati nzeru: madzi akatayika sawoleka. Ngati nthaka yayamba kale kusungunuka, ndipo sitingathe kuiundanitsanso, tidzivutitsirenji? Koma akatswiri sakunena kuti kaboni yense uja adzatuluka tsiku limodzi ngati bomba. Lipoti la IPCC la 2021 linayerekeza kuti pa digiri iliyonse imene dziko lidzatenthe, nthaka youndana idzatulutsa carbon dioxide wa pakati pa matani 14 biliyoni ndi 175 biliyoni pofika chaka cha 2100. Ziwerengero ziwirizi n'zotalikirana, koma phunziro lake n'limodzi: kuchuluka kwa zimene zidzawole kukudalira kuchuluka kwa kutentha kumene anthu adzawonjezere. Moto ukalusa, anthu a m'mudzi sakhala pansi n'kumati wapita kale. Amathyola nthambi zaziwisi, amalambula njira kutsogolo kwake, amapulumutsa nyumba zimene sizinapse. Ndipo amene amayembekezeka kukhala patsogolo ndi nthambi yaikulu ndi woyatsa uja. Akaima patali n'kumafotokozera anthu za mphamvu ya mphepo, mlandu wake umakula.

Choncho ine ndikuona kuti mlandu wa amene anatenthetsa dziko suthera pa chumuni cha fakitale. Umafika ku matope a ku Siberia, n'kupitirira mpaka kumene mpweya wa m'matopewo ukawononge. Thumba la ndalama zothandizira maiko pa zimene zawonongeka ndi kusintha kwa nyengo, limene maiko anagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022, tiyenera kuliona ngati chiyambi cha kulipa, ngakhale ndalama zimene zinalonjezedwa n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zowonongekazo. Mu Julayi 2025, khoti la maiko onse la ku The Hague linapereka maganizo ake akuti maiko ali ndi udindo pa malamulo woteteza nyengo, ndipo olephera udindowu angathe kufunsidwa kulipa. Bwalo layamba kusonkhana. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma mwambiwu umakhala woona pokhapokha pali anthu oukumbukira mlanduwo ndi kuukumbutsa.

Komabe chigamulo chimene tapereka kwa enachi chili ndi mbali imene ikuloza ife. Ku Siberia komweko kuli chigwembe chachikulu chotchedwa Batagaika, chotalika pafupifupi kilomita imodzi. Chinayamba m'zaka za m'ma 1960 anthu atadula nkhalango pamalopo. Dzuwa linafika panthaka, ayezi wa pansi anasungunuka, nthaka inatitimira, ndipo chigwembecho chimakulirakulira chaka ndi chaka popanda wochikumba. Ndani wa kuno amene sachidziwa chigwembe chotere? Chimayamba ngati kanjira ka madzi m'mbali mwa phiri limene mitengo yake yapita ku makala, ku njerwa kapena kukawotchera fodya. Chaka choyamba mwana amachilumpha. Pakatha zaka khumi chameza munda, chadula msewu, ndipo amene anadula mitengo uja akhoza kulumbira mosanama kuti iye sanakumbepo dzenje. Aliyense wokwera mapiri kuchokera ku Mangochi kubwera ku Namwera amaona matumba a makala m'mbali mwa msewu, ndipo amadziwa kuti mitengo yake sinamere pamsewupo. Nkhalango za Namizimu ndi Mangochi, kumene mitsinje yathu yambiri imayambira, ndi zimene zikulipira.

Nyanja ya Malombe ikutiphunzitsa zomwezo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, asodzi ankapha chambo cha matani oposa 8,000 pachaka m'nyanjayi. Makoka a maso ang'onoang'ono anakokolola ana a nsomba pamodzi ndi udzu wa pansi pa madzi umene nsombazo zimabisalamo, ndipo patangotha zaka khumi chambo chophedwa pachaka sichinkafikanso ngakhale matani 1,000. Makomiti a m'madoko anakhazikitsidwa mu 1993, malamulo anaikidwa, koma chambo sichinabwerere monga kale. Msodzi aliyense ankangoponya khoka lake limodzi. Palibe amene anadzuka m'mawa ndi cholinga chopha nyanja. Pali malire amene akadutsidwa, kungoleka kokha sikukwanira kubweza zinthu m'chimake, ndipo chovuta n'chakuti malirewo munthu amawazindikira atawadutsa kale.

Sindikunena kuti wowotcha makala ndi mwini migodi ya malasha ali ndi mlandu wofanana. Woyambayo akufuna ndalama ya ufa wa lero, pamene winayo anali ndi njira zambiri zosankhapo. Udindo umakula molingana ndi mphamvu ndi chidziwitso chimene munthu ali nacho. N'chifukwa chake wogula makala wa m'tauni, amene anapita kusukulu ndipo amalandira malipiro mwezi ukatha, komanso wa udindo amene amayang'ana kumbali lole ya makala ikamadutsa, ali ndi gawo lalikulu kuposa mnyamata wopalasa njinga uja. Koma umphawi susintha kayendedwe ka madzi paphiri. Mwana amene adzabadwe ku Namwera mu 2050 adzaima pamaso pathu monga momwe ife taimira pamaso pa eni mafakitale. Adzapeza zigwembe zimene sanakumbe ndi mitsinje imene sanaphwetse. Akadzafunsa, kodi tidzamuyankha kuti ndi mvula?

Nzeru yoimira patali ndi malire oopsawa tili nayo kale, sitikusowa kukaibwereka kunja. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mfumu Makanjira ndi akuluakulu ake amatseka usodzi m'miyezi ya dzinja chaka chilichonse, asodzi onse n'kuchoka pachilumbacho mpaka tsiku lotsegulira. Amene anayambitsa mwambowu analibe makina oyezera nsomba m'madzi, koma anadziwa kuti pali zinthu zimene ziyenera kusiyidwa zidakalipo. Sanadikire kuti nyanja iwaonetse malire ake. Chimene anthu a ku Mbenji amachita pa chilumba chimodzi ndi chimene dziko lonse likupemphedwa kuchita pa malasha ndi mafuta, nthaka youndana yambiri idakali youndana.

Tsono kwa amene anatenthetsa dziko tinene mosaopa kuti nthaka ya ku Siberia ikuwola pa dzina lawo, ndipo kuchepetsa utsi ndi kulipa zowonongeka ndi ngongole imene ali nayo. Kwa ife eni tikumbutsane kuti chilichonse chimene tikuyambitsa lero paphiri, padambo ndi panyanja tidzachiyankha mpaka kumene chidzathere, ngakhale titachisiya panjira. Munthu asanayatse, ayambe wayang'ana kumene kwatsala tchire, pakuti ndi kumene moto umapita, ndipo kuseri kwa tchirelo kumakhala anthu.